Zotchingira makutu za ana: mmene zathandizira mwana wanga wa autism ndi pamene zimalephera

Zotchingira makutu za ana, zimene pabokosi amazilemba kuti ear defenders kapena earmuffs, ndingalimbikitse kholo la mwana wa autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kulankhula ndi kucheza ndi anthu) wovutika ndi phokoso kuti lizigule, malinga ladziwa kuti zimathandiza pa phokoso lotani, zimalephera pati, ndiponso kuti ziyenera kuvulidwa liti. Maonekedwe ake ndi a mahedifoni aakulu, koma zilibe waya, zilibe batire ndipo siziimba kanthu. Ndi timbale tiwiri tapulasitiki todzaza siponji m'kati, tokhala ndi khushoni yofewa m'mphepete, tolumikizidwa ndi lamba wolimba wodutsa pamwamba pa mutu amene amatipanikiza kuti tiphimbe khutu lonse. Zimene ndikufotokoza pano ndi za mwana wanga wamwamuna wa zaka 6. Zimapindika kuti zikwane m'chikwama, pabokosi panalembedwa SNR 27 dB, nambala yosonyeza mmene zimachepetsera phokoso, ndipo wazivala kuno ku Lilongwe m'nyengo zonse, m'dzinja, m'chisanu cha June ndi m'kutentha kwa October.

Munthu amene sanakhalepo ndi mwana wotere amaganiza kuti nkhani yake ndi ya mantha wamba kapena ya kulera kolekerera, koma sizili choncho. Ana ambiri a autism amalandira mawu, kuwala, fungo ndi kukhudzidwa mosiyana ndi ana ena, ena mopitirira muyeso, ena mocheperapo, ndipo madokotala anazindikira zimenezi kalekale. Dokotala Leo Kanner, amene mu 1943 anafotokoza za ana 11 a autism amene anawaona ku Baltimore, ku America, analemba kuti ena mwa iwo ankachita mantha aakulu ndi phokoso la zipangizo zapanyumba monga makina oyamwa fumbi. Mu 2013, buku la DSM-5, limene madokotala amagwiritsa ntchito pozindikira mavuto amenewa, linaika kamvedwe kosiyanaka pakati pa zizindikiro za autism. Bungwe la World Health Organization linayerekezapo kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 aliwonse ali ndi autism, choncho m'mudzi uliwonse waukulu ndi m'sukulu iliyonse yapulayimale muli ana amene phokoso limawazunza, ngakhale palibe amene anawauzapo dzina la vuto lawo.

Kwa mwana wanga, phokoso likamukulira amayamba ndi kung'ung'udza chapansipansi, kenako amakanikiza makutu ndi zikhatho mwamphamvu, n'kuluma kolala wa malaya ake. Likapitirira amathawira kunsi kwa bedi, ndipo ngati palibe kothawira amadziluma kumbuyo kwa dzanja. Chimene anthu ambiri sachiona ndi chakuti phokoso likatha, thupi lake silikhazikika msanga. Nsima yamadzulo amaikana, tulo timabwera pakati pa usiku, ndipo m'mawa amadzuka wotopa ndi wosachedwa kulira. N'chifukwa chake kwathu phokoso ndi nkhani ya thanzi, chifukwa limakhudza kadyedwe, kagonedwe ndi zilonda zapadzanja, ndipo ndi pa zinthu zimenezi pamene ndayesera ngati zotchingira makutuzi zili ndi phindu.

Nambala yapabokosi iyenera kumveka bwino, chifukwa ndi imene ogulitsa amaitchula kwambiri. SNR ndi muyeso wa ku Ulaya wosonyeza ma decibel (dB, muyeso wa kukula kwa phokoso) amene chipangizo chimachotsa pa phokoso chikayesedwa m'chipinda choyesera, ndipo zotchingira zoyesedwa motero zimakhala ndi chizindikiro cha EN 352-1. Za ku America zimalembedwa NRR, ndipo nambala ya NRR imakhala yotsikirapo kusiyana ndi ya SNR ngakhale chipangizo chili chimodzimodzi, choncho si bwino kuyerekeza nambala ziwirizi ngati zofanana. Kucheza kwa anthu awiri kumakhala pafupifupi ma decibel 60, ndipo phokoso la ma decibel 85 likamveka kwa maola 8 tsiku ndi tsiku limayamba kuwononga makutu. Khutu la munthu limamva kuchepa kwa ma decibel 10 ngati phokoso latsika ndi theka. Pamutu pa mwana woyendayenda, wotuluka thukuta, amene amazikankha uku ndi uku, ma decibel 27 aja sakwana onse, koma ngakhale atachoka 20 okha, phokoso limamveka ngati latsala gawo limodzi mwa magawo 4. Chofunika kukumbukira ndi chakuti miyeso imeneyi inapangidwira anthu ogwira ntchito m'mafakitale, kuti makutu awo asagonthe. Siyesa kuzunzika kwa mwana, ndipo mwana wanga amazunzika ndi mawu ena amene munthu wa m'fakitale sangawatche phokoso n'komwe, makamaka mawu akuthwa, odzidzimutsa, kapena ochokera mbali zambiri nthawi imodzi.

Pamene zotchingirazi zatithandiza koposa ndi pa mvula. Nyumba yathu ndi ya malata yopanda siling'i, ndipo mvula yamkuntho ya December ikayamba kuwomba padenga, ngakhale ife akuluakulu timasiya kulankhula chifukwa sitimvana. Kale mwana ankayamba kunjenjemera mitambo ikangoda, mvula isanagwe n'komwe, moti masana onse a dzinja ankakhala a nkhawa. Tsopano madontho oyamba akamveka pamalata amapita yekha pamene timazikoloweka, n'kuzikokera pamutu ndi manja onse awiri, kenako amakanikiza timbale tonse tiwiri kamodzi kuti atsimikize kuti tagwira. Mapewa ake, amene amakhala atakwera mpaka m'makutu, amatsika pang'onopang'ono, ndipo amabwerera pamphasa kukapitiriza kundandalika zitsekerero zake za mabotolo. Nthawi zina amafika mpaka pakhomo n'kumayang'ana madzi akutsika kuchokera padenga, chinthu chimene poyamba sankayerekeza. Mabingu amawamvabe, chifukwa kugunda kwake n'kwakuya, koma kuthetheka kwa mvula pamalata, kumene kunali mdani wake wamkulu, kumachepa kwambiri.

Kutchalitchi zathandizanso, ndipo kwa banja lathu zimenezi n'zazikulu, chifukwa tinafika poti mmodzi wa ife ankatsala kunyumba Lamlungu lililonse. Zokuzira mawu, kuwomba m'manja, nthungululu za amayi ndi kulira kwadzidzidzi kwa maikolofoni, zonsezi ndi mawu okwera ndi akuthwa, ndipo ndi amene siponji yam'kati imawagwira bwino. Amakhala nafe mpaka nyimbo zitatha, ndipo ulaliki ukayamba kawirikawiri amazitsitsira yekha m'khosi. Pa ukwati, nthawi ya perekaniperekani, sizikwanira kuti akhale pafupi ndi zokuzira mawu, koma zimatipatsa mpata wopereka moni kwa achibale ndi kudya tisanatuluke. Kusukulu, chitsulo chimene amachimenya m'malo mwa belu chinkamuchititsa kugwa pansi n'kudziphimba mutu, koma akavala zotchingira amangotseka maso n'kupitiriza kuyenda.

Zimalephera pa phokoso lakuya, ndipo wogula ayenera kudziwa zimenezi asanatulutse ndalama. Kugunda kwa chigayo, jenereta ya oyandikana nawo magetsi akazima, injini ya minibasi, ndi mabesi a nyimbo za kumalo omwera mowa usiku wa Loweruka, zonsezi zimadutsa pulasitiki ndi siponji mosavuta, ndipo mbali ina zimalowa kudzera m'mafupa a mutu ndi m'chifuwa, kumene chotchingira chilichonse sichifika. Kuchigayo mwana wanga amavutikabe ngakhale atazivala, moti ndinasiya kupita naye. Limeneli si vuto la kampani imodzi, ndi mmene zotchingira zonse zopanda magetsi zilili: zimagwira bwino mawu okwera kusiyana ndi akuya. Chinanso, makutu akatsekedwa, mawu ochokera m'thupi mwa munthu mwini amamveka kwambiri, monga kutafuna ndi kumeza, ndipo n'chifukwa chake mwana wanga sadya atazivala, makamaka chakudya chokukuta ngati chimanga chokazinga. Kometa tsitsi, kumene ndinkayembekezera kuti zithandiza, n'zosatheka, chifukwa timbale timaphimba malo omwewo amene makina ometera ayenera kudutsa, ndipo kunjenjemera kwa makinawo pachigaza sikutchingika.

Pali mahedifoni amagetsi amene amazimitsa phokoso potulutsa mawu otsutsana nalo, ndipo amenewo ndi amene amachita bwino pa kugunda kwakuya kosasintha monga kwa injini. Koma ndi odula kwambiri, amafuna kutchajidwa m'dziko limene magetsi amazimazima, sapirira kugwetsedwa, ndipo pa mawu odzidzimutsa sachita bwino kuposa zotchingira wamba. Kafukufuku wina wochepa wa ku Japan, wofalitsidwa mu 2016, anayesa mitundu iwiriyi pa ana 21 a autism a zaka zapakati pa 4 ndi 16, ndipo anapeza kuti zotchingira wamba zinathandiza moonekeratu, pamene mahedifoni amagetsi anathandiza ana ochepa okha. Ana 21 ndi ochepa kuti munthu amangirepo mfundo yaikulu, komabe zotsatirazo zikugwirizana ndi zimene ndaona, ndipo zikupereka chilimbikitso kwa kholo lopanda ndalama zambiri kuti chotsika mtengocho si chotsika ntchito.

Ndiyeneranso kunena kuti phokoso ndi gawo limodzi chabe la zimene zimamukulira mwana wotere. Mumsika wa ku Lilongwe, ngakhale makutu atatsekedwa, pamatsala fungo la nsomba zouma, dzuwa lothobwa m'maso, anthu omugunda mapewa ndi matope omata kunsapato. Zotchingira zimachotsa katundu mmodzi, ndipo nthawi zina kuchotsa mmodziyo kumakwanira kuti apirire zotsalazo kwa kanthawi, koma sizisandutsa msika kukhala malo abwino kwa iye. Kumsika timapitabe m'mamawa anthu asanachuluke, ndipo sitichedwako.

Pa nkhani ya kavalidwe, maganizo anga ndi osakanikirana. Lamba amatalikitsidwa ndi kufupikitsidwa mosavuta, ndipo wakhala akukwana pamene mutu wa mwana ukukula. Koma kuti phokoso litchingike, timbale tiyenera kupanikiza, ndipo pakapita nthawi kupanikizako kumasiya mizere pakhungu ndi kumutopetsa. M'miyezi ya October ndi November khushoni yapulasitiki imasunga kutentha, makutu amanyowa ndi thukuta, ndipo kuseri kwa khutu kumatuluka timatuza tofiira ngati sitisamala. Timapukuta khushoni ndi kansalu konyowa ka sopo pang'ono madzulo aliwonse n'kuisiya iume pamthunzi, chifukwa dzuwa limaumitsa pulasitiki yofewayo mpaka kung'ambika. Zathu zayamba kale kung'aluka m'mphepete, ndipo khushoni ikang'aluka phokoso limalowa. Popindikira pake pamakola tsitsi ndi kupana chala ngati mwana azitsegula mothamanga. Chilichonse cholowa pakati pa khushoni ndi khungu chimatsegula mpata: mikono ya magalasi amaso, chipewa chaubweya cha m'nyengo yozizira, ngakhale tsitsi loluka lokhuthala la ana aakazi. Pogona sizithandiza, chifukwa mwana sangagone cham'mbali ndi timbale tolimba pamakutu, ndipo sindingalole kuti agone nazo usiku wonse.

Si mwana aliyense amene angazilandire tsiku loyamba, ndipo wanga sanazilandire, chifukwa iye sakonda kugwiridwa kumutu. Katswiri wa occupational therapy, wothandiza ana pa zochita za tsiku ndi tsiku, amene amamuona anatilangiza kuti tisamuveke mokakamiza ngakhale kamodzi, makamaka pamene wayamba kale kulira, chifukwa tikatero adzazigwirizanitsa ndi nthawi yoopsa. Tinaziika pakati pa zoseweretsa zake kuti azizigwira ndi kuzinunkhiza. Bambo ake ankazivala pamaso pake akumwa tiyi, osanena kanthu. Kenako tinkamuveka kwa kamphindi nyumba ili zii, n'kumuvula iye asanadandaule. Tsiku limene anazindikira yekha ntchito yake ndi pamene mlongo wake ankasinja mtedza mumtondo pakhonde: anazikweza, anazitsitsa, anazikwezanso, akumvetsera kusiyana kwake. Kuyambira pamenepo sitinafunikenso kumunyengerera.

Mfundo imene ndikufuna kuti kholo lililonse liimvetse ndi ya kuzivula. Mwana akaona kuti dziko lachete n'lokoma, amafuna kukhalamo tsiku lonse, ndipo kholo lotopa limakopeka kumulola, chifukwa panyumba pamakhala mtendere. Akatswiri a makutu amachenjeza kuti kutseka makutu nthawi zonse, ngakhale pamalo opanda phokoso, kungachititse kuti ubongo uzolowere chete n'kuyamba kumva mawu wamba ngati aakulu kuposa kale. Mu 2003, wofufuza Craig Formby ndi anzake ku America anasonyeza kuti akuluakulu a makutu abwinobwino amene anavala zotsekera m'makutu kwa milungu 2 anayamba kuona mawu kukhala okwera kuposa mmene ankawaonera poyamba. Kafukufukuyo sanali wa ana a autism, koma chenjezo lake ndi lomveka. Komanso mwana wanga akuphunzirabe kulankhula, ndipo zilembo zina zofewa za m'mawu, monga s ndi f, ndi zokwera, zomwe ndi zimene zotchingira zimachepetsa kwambiri. Mwana amene akufunika kumva chilankhulo tsiku lonse sayenera kuchimva chofooketsedwa tsiku lonse.

Choncho panyumba pathu lamulo ndi lakuti zotchingira ndi za phokoso, ndipo phokoso likatha zimabwerera pamsomali. Msomaliwo tinaukhoma pamsinkhu wake, pafupi ndi chitseko, kuti asamapemphe munthu. Apa ndi pamene ndaona phindu limene silinalembedwe pabokosi. Mwana wanga amalankhula mawu ochepa, ndipo kwa zaka zambiri njira yokhayo imene anali nayo yonenera kuti zamukulira inali kukuwa ndi kudziluma. Tsopano ali ndi chochita, ndipo amachichita yekha. Kudziwa kokhako kuti zili pafupi kwachepetsa mantha ake, moti kawirikawiri amangozivala m'khosi, dzanja lili pa kambale kamodzi, n'kupirira phokoso limene kale likanamuthamangitsa. Nthawi imene amazivala pamakutu yakhala ikuchepa, osati kuchuluka. Ndimakhulupirira kuti chimene chinkamuzunza kwambiri si kukula kwa phokoso kokha, koma kusowa mphamvu pa ilo, ndipo kadyedwe ndi tulo take pa masiku a mvula zasintha kuyambira pamene mphamvuyo anaipeza. Zilonda zapadzanja zinapola, ndipo sizibwerera kawirikawiri.

Kholo lisanagule, liyambe lapita ndi mwana kukaonetsa makutu. Mwana wosalankhula akamagwira makutu n'kulira, mwina si phokoso, mwina khutu likuwawa, ndipo matenda a m'kati mwa khutu ndi ofala pakati pa ana aang'ono, makamaka pambuyo pa chimfine. Mwana amene kale sankadandaula ndi phokoso koma wayamba mwadzidzidzi, kapena amene akugwira khutu limodzi lokha, kapena watentha thupi, akufunika dokotala, osati zotchingira. Khutu lotuluka mafinya siliyenera kutsekedwa, chifukwa kutentha ndi chinyezi zimawonjezera vutolo. Kuyeza kamvedwe n'kofunikanso, popeza mwana akhoza kukhala ndi autism komanso vuto lakumva nthawi imodzi. Ku Blantyre kuli chipatala cha makutu pa Queen Elizabeth Central Hospital, ndipo ku Lilongwe kuli china ku African Bible College. Makanda amene liwombo lawo silinatseke sayenera kuvekedwa zotchingira za lamba wolimba. Awo ali ndi zawozawo za lamba wansalu wotamuka.

Pamsewu ndimakhala wosamala kwambiri. Zotchingira zimachepetsa hutala ya galimoto ndi belu la kabaza, komanso zimasokoneza kuzindikira kumene mawu akuchokera. Ana ambiri a autism amathamanga mwadzidzidzi osayang'ana, ndipo wanga ndi mmodzi wa iwo. Akazivala m'mbali mwa msewu kapena kudepoti, dzanja lake limakhala m'dzanja langa, ndipo sindimutuma ndi ana anzake atazivala.

Pali mtengo wina umene sulipidwa ndi ndalama, ndiwo maso a anthu. Mwana wa autism saoneka ndi maso kuti ali ndi vuto, koma akavala zotchingira zowala mtundu aliyense amacheuka. Ena amaseka kuti akumvera nyimbo m'tchalitchi, ena amanong'ona zimene makolo a ana otere tinazolowera kumva, zakuti mwana analodzedwa kapena makolo anamukhwimira. Amayi anga ondibereka atamuona koyamba atazivala sanakondwe. Anati, "Mwanawe, mdzukulu wangayu ndi wosalankhula kale, ndiye mukumutsekanso makutu kuti asamve anthu?" Ndinawayankha kuti, "Amayi, akukumvani bwinobwino, tamuitanani muone." Anamuitana ndi mawu awo a masiku onse, osakweza, ndipo mwana anacheuka n'kupita kukakhala pamiyendo pawo, pakati pa chinkhoswe chimene kale sakanakhalapo. Zotchingirazi sizigonthetsa, ndipo mawu a munthu wapafupi amamveka, ngakhale mofowoka. Lero agogo akewo ndi amene amakumbutsa kuti tisaziiwale tikamanyamuka. Ndaona kuti kufotokoza mwachidule, kuti makutu a mwanayu amamva phokoso mopweteka, kumafewetsa anthu ambiri, ndipo makolo angapo andifikira mwakachetechete kudzafunsa za ana awo atangoona zimenezi pamutu pake.

Kusukulu tinagwirizana ndi aphunzitsi ake kuti azivala pa nthawi ya asembule, pa buleki ndi pamene kalasi yonse ikuyankha mokweza pamodzi, koma azivula pophunzira kuwerenga. M'makalasi athu odzaza ana, kuyankha kwa pamodziko ndi phokoso lalikulu, ndipo mphunzitsi mmodzi sangathe kuliletsa chifukwa cha mwana mmodzi. Aphunzitsi ophunzitsidwa za ana ofunika chisamaliro chapadera, monga amene amachokera ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, alipo koma ndi ochepa poyerekeza ndi ana owafuna, choncho kawirikawiri kholo ndi limene liyenera kufotokozera mphunzitsi wamba ntchito ya chipangizochi. Ndi bwino kupempha mphunzitsi kuti auze kalasi yonse kamodzi kuti zimenezi si zoseweretsa, chifukwa ana anzake amafuna kuzilanda kuti ayese, ndipo kulandidwa kotero kumamupweteka kuposa phokoso lenilenilo. Tinalembanso dzina lake kunsi kwa lamba.

Pogula, chinthu choyamba kuyang'ana ndi nambala ya SNR kapena NRR ndi chizindikiro cha kuyesedwa. Zilipo zambiri zokongola, zojambulidwa tinyama, zimene zilibe nambala iliyonse, ndipo zina ndi zofunditsa makutu chabe za m'mayiko ozizira, zopanda siponji yotchinga phokoso. Nambala ya SNR yapakati pa 22 ndi 27 ndi yokwanira kwa mwana. Yokwera kwambiri imabwera ndi timbale tolemera ndi kupanikiza kwakukulu, ndipo imamulekanitsa ndi anthu kuposa mmene zikufunikira. Makampani odziwika monga 3M Peltor ndi Alpine amapanga za ana, ndipo m'masitolo a ku South Africa ndi ku Britain zimapezeka mosavuta, moti mabanja ambiri amaitanitsa kudzera mwa achibale a ku Johannesburg, monga tinachitira ife. Mtengo wake unali wofanana ndi wa nsapato zabwino za sukulu. Amene alibe wowatumizira angayang'ane m'masitolo ogulitsa zipangizo zomangira ndi zodzitetezera pantchito, kumene kumapezeka za akuluakulu. Zimenezo zimagwira ntchito kwa mwana wamkulupo, koma kwa wamng'ono lamba amakhala wamtali, timbale timatsika n'kusiya mpata pansi pa khutu, ndipo kupanikiza kwake n'kwa mutu wa munthu wamkulu. Thonje lolowetsa m'khutu silitchinga phokoso mokwanira ndipo limatha kutsalira m'kati, pamene tizotsekera tasiponji tolowetsa m'khutu ndi toopsa kwa mwana amene amaika zinthu m'kamwa.

Pali ana amene sindingalangize makolo awo kuwononga ndalama. Ena a autism amafunafuna phokoso, amagogoda zinthu ndi kuika khutu pa wailesi, ndipo amenewo vuto lawo ndi lina. Ena sangapirire chinthu chilichonse pamutu ngakhale atayesedwa mofatsa kwa nthawi yaitali, ndipo kwa iwo n'kwabwino kukonza malo achete m'nyumba, kuwachenjeza phokoso lisanayambe, ndi kukhala nawo pafupi ndi khomo pamisonkhano kuti kutuluka kukhale kosavuta. Ngati n'kotheka, bwerekani kaye kwa kholo lina kuti mwana ayese musanagule.

Ife tigulanso, ndipo ulendo uno tigula ziwiri, kuti zina zizikhala m'chikwama cha sukulu, chifukwa tsiku limene zatsala kunyumba mwana amakhala ndi nkhawa kuyambira pageti. Ndidzasankha zimene khushoni zake zimagulitsidwa padera kuti zizisinthidwa zikang'ambika, ndiponso za mtundu wosawala kwambiri, popeza akukula ndipo wayamba kuzindikira anthu akamamuyang'ana. Njira yodziwira ngati zakale zatha ntchito ndi yosavuta. Kholo lizivale lokha pafupi ndi mpopi wotsegula kapena wailesi, kenako likanikize timbale ndi manja. Ngati phokoso likuchepa kwambiri pokanikiza kuposa posakanikiza, ndiye kuti khushoni yauma kapena lamba wafooka, ndipo mwana akulandira chitetezo chochepa kuposa chimene akuchidalira.